Ntchito ya Mlangizi Wolipidwa Pofunsira Malo ku Yunivesite za ku America

M'dziko la United States mulibe bungwe limodzi logawa ophunzira m'mayunivesite monga mmene bungwe la NCHE limachitira ndi mayunivesite aboma ku Malawi potengera mapointi a mayeso a MSCE, koma yunivesite iliyonse imadzisankhira yokha ophunzira, ndipo posankhapo imayang'ana zambiri kuposa zotsatira za mayeso. Wofunsira malo amatumiza magiredi a zaka zake za kusekondale, makalata a aphunzitsi omuchitira umboni, mndandanda wa zimene amachita akaweruka m'kalasi, zotsatira za mayeso a SAT kapena ACT kumene akuzifuna, komanso chimangirizo chofotokoza za moyo wake. Ambiri amadzera pa Common Application, fomu imodzi imene inayamba mu 1975 ndipo lero imalandiridwa ndi masukulu oposa 1,000. Kuchuluka kwa zofunikazi, pamodzi ndi mpikisano umene wafika poti yunivesite ya Harvard m'zaka zina zaposachedwapa yatenga ophunzira osakwana 4 mwa ofunsira malo 100 aliwonse, ndi kumene kwakuza ntchito ya mlangizi woima payekha, amene banja limamulipira kuti ayende ndi mwana wawo kuyambira posankha masukulu mpaka polandira mayankho.

Sukulu za sekondale za m'dzikolo zili ndi alangizi awoawo, koma ntchito imawachulukira. Bungwe lawo la American School Counselor Association limalimbikitsa kuti mlangizi mmodzi azisamalira ophunzira 250, pamene m'chaka cha maphunziro cha 2022 mpaka 2023 aliyense ankasamalira ophunzira pafupifupi 385, ndipo yemweyo ndi amene amakonza ndondomeko ya makalasi, kuthetsa mikangano ndi kumva mavuto a ana amene kwawo zinthu sizili bwino. Chimene makolo amagula kwa mlangizi wapadera, choncho, ndi nthawi yokhala pansi ndi mwana mmodzi komanso kudziwa njira.

Ntchito yaikulu, ngakhale kuti sitchuka, ndi kupanga mndandanda wa masukulu. Mlangizi wodziwa ntchito yake amawagawa patatu: masukulu amene mwayi wolowako ndi wochepa ngakhale kwa mwana wanzeru kwambiri, masukulu amene magiredi a mwanayo akufanana ndi a amene amatengedwa kumeneko, ndi masukulu amene n'zokayikitsa kuti angamukane. Apa mpamene kawirikawiri pamabuka kusamvana, chifukwa makolo amafika atagwira kale mayina asanu kapena asanu ndi limodzi amene dziko lonse limawadziwa, pamene m'dzikolo muli makoleji ndi mayunivesite zikwi zingapo, ambiri mwa iwo ophunzitsa bwino kwambiri. Mlangizi amafotokozanso kusiyana kwa nyengo zofunsira malo. Pa njira yotchedwa Early Decision, wophunzira amatumiza mafomu kumayambiriro kwa November ndipo amalonjeza kuti akatengedwa adzapita kusukulu imeneyo n'kuchotsa mafomu ake kwina konse, zimene zikutanthauza kuti banja limataya mwayi woyerekeza thandizo la ndalama lochokera kumasukulu osiyanasiyana. Pa njira yanthawi zonse mafomu amatumizidwa chakumayambiriro kwa January, mayankho amabwera cha mu March kapena April, ndipo wophunzira amakhala ndi mpata wosankha mpaka pa 1 May. Kwa banja losapeza bwino, kumvetsa kusiyana kumeneku, ndi kudzaza molondola mafomu a thandizo la fizi monga FAFSA ndi CSS Profile, n'kofunika kuposa china chilichonse chimene mlangizi angachite.

Pa chimangirizo ndi pamene khalidwe la mlangizi limaonekera. Common Application imalola mawu osapitirira 650, ndipo mwana wa zaka 17 akauzidwa kuti alembe za iye mwini, nthawi zambiri amathamangira kulemba za chikho chimene timu yake inapata kapena ulendo wokathandiza osauka kudziko lina, poganiza kuti zimenezo ndi zimene akuluakulu osankha ophunzira amafuna kumva. Mlangizi wabwino amayamba wausiya kaye mutuwo n'kumufunsa kuti akaweruka kusukulu amachita chiyani, kunyumba amaphika ndani, ndipo ndi chiyani chimene amachita popanda womutuma. M'mafunso oterewa mumatuluka kuti mwanayo madzulo aliwonse amamasulira agogo ake makalata a kuchipatala, kapena kuti ndi iye amene amasunga mabuku a ndalama m'kagolosale ka mayi ake, zinthu zimene iye ankaziona ngati zosayenera kutchulidwa. Akalemba, mlangizi amamuonetsa ndime imene yasochera ndi chiganizo chimene sichikumveka, koma cholembera chimakhalabe m'manja mwa mwanayo, mofanana ndi mlangizi wa zaulimi amene amauza mlimi nthawi yodzala ndi katalikidwe ka mizere koma osamulimira munda. Wophunzira potumiza fomu amatsimikiza kuti zonse zolembedwamo ndi ntchito yake, motero mlangizi amene amalemba yekha chimangirizo amamulowetsa mwanayo m'bodza asanaponde n'komwe pakhomo pa yunivesite.

Chodetsa nkhawa n'chakuti lamulo silifuna kuti munthu akhale ndi chiphaso cha boma asanadzitche mlangizi. Mabungwe monga Independent Educational Consultants Association, limene linakhazikitsidwa mu 1976, ali ndi malamulo oletsa mamembala awo kulonjeza malo kapena kulandira ndalama kuchokera kusukulu zimene akutumizako ana, koma kulowa m'mabungwewa n'kwa wofuna. Mmene zinthu zingaipire zinaoneka mu March 2019, pamene boma linatsegulira milandu anthu 50 pa chinyengo chimene ankatsogolera William Singer, mlangizi wa ku Newport Beach m'boma la California. Makolo olemera anamupatsa madola pafupifupi 25 miliyoni pakati pa 2011 ndi 2018 kuti azipereka ziphuphu kwa oyang'anira mayeso ndi makochi a masewera m'mayunivesite. Katswiri wa zisudzo Felicity Huffman analipira madola 15,000 kuti mayankho a mwana wake pa mayeso a SAT akonzedwe, ndipo katswiri mnzake wa zisudzo Lori Loughlin ndi mwamuna wake analipira madola 500,000 kuti ana awo awiri alowe ku University of Southern California ngati opalasa bwato, masewera amene anawo sankachita. Singer analamulidwa mu January 2023 kukakhala kundende zaka zitatu ndi theka.

Alangizi ambiri sachita zoterezi, komabe ngakhale ntchito yachilungamo imadula, popeza kuyenda ndi mwana mmodzi mpaka kumapeto kumadya madola zikwi zingapo. Apa pali chinthu chopweteka mtima: mwana amene makolo ake anapita kale kuyunivesite, amene kunyumba kwawo njirayi amaidziwa, ndi amene amapeza mlangizi, pamene mwana woyamba m'banja mwawo kufika pamlingo umenewu, amene uphunguwo ukanasinthadi moyo wake, amayenda yekha pokhapokha atapezana ndi mabungwe othandiza mwaulere monga QuestBridge.

Wophunzira wa ku Malawi kapena Zambia wofuna kukaphunzira ku America ayeneranso kusiyanitsa mlangizi ndi ajenti. Kuyambira mu 1992 lamulo la dzikolo limaletsa masukulu kulipira munthu potengera chiwerengero cha ophunzira amene wawabweretsa, koma chiletsochi sichikhudza ophunzira ochokera kunja, motero munthu amene akuoneka ngati akulangiza mwaulere angakhale akulandira komishoni kuchokera kusukulu imene akuiyamikirayo. Funso loyamba kwa aliyense wopereka uphungu liyenera kukhala lakuti amamulipira ndani, ndipo yankho lake lilembedwe m'pangano pamodzi ndi mtengo ndi ntchito zimene adzagwire. Uphungu wosakondera sukulu iliyonse umapezeka ku EducationUSA, nthambi ya unduna woona za ubale wa America ndi mayiko ena, imene ili ndi malo olangizira ophunzira m'mayiko oposa 170, kuphatikizapo ku Lilongwe ndi ku Lusaka.