Wailesi yosintha ntchito popanda kugula ina

M'chaka cha 2013, akatswiri a sayansi a ku Chancellor College ku Zomba, motsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, anayamba kutumiza intaneti pa mafunde omwe anapatulidwira wailesi za kanema koma ankangokhala osagwiritsidwa ntchito. Mogwirizana ndi bungwe la MACRA komanso likulu la kafukufuku la ICTP la ku Trieste, m'dziko la Italy, iwo analumikiza malo monga sukulu ya sekondale ya atsikana ya St Mary's. Mafundewa, a m'gulu la UHF, amafika patali, ndipo mitengo ndi makoma siziwatchinga msanga ngati a Wi-Fi.

Ntchito yotere imalira chida chotha kuchoka pa mpata wina wa mafunde n'kupita pa wina chikauzidwa kutero. Kale zimenezi zinali zovuta, chifukwa wailesi iliyonse inkatuluka m'fakitale ili ndi ntchito imodzi basi. Kampani ya mafoni ikafuna kuwonjezera 3G pamwamba pa 2G, inkagula zida zina, amisiri n'kukwera nazo pansanja.

Injiniya wa ku America, Joseph Mitola, ndiye anatchukitsa maganizo atsopano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iye anati eriyo ingogwira mafunde, kachipangizo kena kawasandutse manambala, ndipo zotsala zonse, monga kusefa phokoso ndi kutulutsa uthenga, zichitidwe ndi pulogalamu ya kompyuta. Ukasintha pulogalamu, wailesi yasinthanso. Asilikali a dzikolo anayesa lusoli pa ntchito yotchedwa SpeakEasy, pofuna kuti chida chimodzi chizimvana ndi mawailesi awo amitundumitundu.

Chomwe chimathandiza kwambiri ndi tchipu chotchedwa FPGA. Kalumikizidwe ka m'kati mwake kamafufutidwa n'kulembedwanso ngati bolodi ya m'kalasi, moti chida chomwe chikutumikira 2G lero chingathe kuphunzitsidwa 4G injiniya ali khale mu ofesi. Mu 1999, Mitola ndi Gerald Maguire wa sukulu ya KTH ku Stockholm anafotokozanso za cognitive radio, wailesi yoyamba yamvetsera kaye kuti idziwe mpata wopanda mwini isanayankhule.

Luso la wailesi yosinthidwa ndi pulogalamu silinathere m'manja mwa asilikali ndi makampani olemera. Mu 2001, Eric Blossom anayambitsa GNU Radio, pulogalamu yaulere. Pofika 2012, anthu anatulukira kuti timitengo totsika mtengo ta USB towonera kanema, tokhala ndi tchipu cha Realtek, tingasanduke wailesi yotere. Wophunzira akatibaya pa laputopu amamva FM, komanso amaona malo omwe ndege zikudutsa kudzera pa uthenga womwe zimaulutsa pa 1090 MHz.

Komabe pulogalamu siichita zonse. Eriyo ndi zida zokuzira mphamvu zili ndi malire a mafunde omwe zingagwire, kuwerengera manambala ochuluka kumadya magetsi, ndipo chida chosinthika patali chiyenera kutetezedwa kwa akuba a pa intaneti.

Mafunde ndi chuma cha dziko lonse. N'zowawa kuti azikhala chabe pamene sukulu ndi zipatala za kumidzi zilibe intaneti. Kuti afike kumeneko, pakufunika malamulo olola kubwerekana mafunde mwadongosolo, komanso achinyamata ophunzitsidwa kulemba okha mapulogalamu a zidazi.