Kutalika kwa mpope wa revolver ndi malire a lamulo

Revolver ndi mfuti yaing'ono ya m'manja yomwe zipolopolo zake zimakhala mu silinda yozungulira, ya zibowo 5 kapena 6 nthawi zambiri. Munthu akamawombera, silindayo imatembenuka n'kubweretsa chipolopolo china kuseri kwa mpope. Mpope ndi chitsulo cha mphako chomwe chipolopolo chimadutsamo potuluka. M'maiko angapo, kutalika kwa mpopewu n'kumene kumanena ngati mfutiyo ili yololedwa kapena yoletsedwa, ndipo ku Canada nkhaniyi inafika posiyanitsidwa ndi mamilimita osakwana 4.

Ntchito ya mpope

Onga ukayaka umatulutsa mpweya wotentha womwe umakankha chipolopolo. Kukankhako kumapitirira pokhapokha chipolopolo chikadali mumpope. Choncho mpope wautali umapatsa chipolopolo liwiro lalikulu, pomwe mpope waufupi umachitulutsa msanga onga wina usanathe kupsa. N'chifukwa chake revolver yaifupi imalira mogonthetsa m'khutu ndiponso imalavula moto wambiri kukamwa. Mkati mwa mpope muli mizere yopotana yomwe imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika.

Anthu ambiri amaganiza kuti mpope wautali paokha ndiwo umachititsa mfuti kulasa bwino. Zoona zake n'zakuti umathandiza kwambiri wowomberayo. Pamwamba pa mfuti pali tizitsulo tiwiri tochalira, kena kutsogolo, kena kumbuyo. Tikatalikirana, dzanja likapendekera pang'ono diso limaona msanga. Mpope wautali umalemeranso, motero mfuti sidumpha kwambiri ikalira.

Opanga mfuti ambiri otchuka ndi a ku America, choncho mipope imayezedwa m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Samuel Colt analembetsa luso lake la revolver ku America mu 1836. Mfuti ya Colt Single Action Army, yomwe asilikali a dzikolo anayamba kugwiritsa ntchito mu 1873, inali ndi mpope wa mainchesi 7.5. Colt Detective Special ya mu 1927 inali ndi wa mainchesi 2 okha, kuti wapolisi wovala zovala wamba aziibisa m'thumba la jekete. Pakati pa ziwirizi panali mpope wa mainchesi 4, kapena kuti mamilimita 101.6, womwe apolisi a yunifolomu ankanyamula m'chiuno kwa zaka zambiri, makamaka pa mfuti ya Smith & Wesson Model 10.

Opanga malamulo sasamala kwenikweni za liwiro la chipolopolo akamaika malire a mpope. Chimene amayang'ana ndi kubisika. Mfuti yaifupi imalowa m'thumba ndipo palibe angadziwe kuti munthu wainyamula. Koma kubisika n'kovuta kukulemba m'lamulo, pomwe kutalika wapolisi aliyense angathe kukuyeza ndi lula.

Mamilimita 105 a ku Canada

Nyumba ya malamulo ya ku Canada inavomereza lamulo la Firearms Act mu 1995, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 December 1998. Mkangano womwe unabala lamuloli unakula pambuyo pa kuphedwa kwa amayi 14 pa sukulu ya École Polytechnique mumzinda wa Montreal pa 6 December 1989, ngakhale kuti wakuphayo anagwiritsa ntchito mfuti yaitali, osati ya m'manja.

Ku Canada mfuti zili m'magulu atatu: zopanda ziletso zapadera, zokhala ndi ziletso, ndi zoletsedwa. Mfuti zambiri za m'manja zili m'gulu lachiwiri. Koma mfuti ya m'manja ya mpope wa mamilimita 105 kapena kucheperapo inaikidwa m'gulu loletsedwa, limodzi ndi zowombera zipolopolo za .25 ndi .32. Mfuti zina za mipikisano ya maiko onse sizinakhudzidwe.

Mamilimita 105 ndi mainchesi pafupifupi 4.13. Choncho revolver ya mainchesi 4 imaperewera ndi mamilimita 3.4, ndipo yonse inagwera m'gulu loletsedwa. Lamuloli silinangogwira timfuti ta m'thumba tokha ayi. Linatenganso mfuti zikuluzikulu zolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, zomwe kuzibisa m'thumba la thalauza n'kosatheka.

Omwe anali nazo kale mfutizi ndipo anali atazilembetsa analoledwa kuzisunga potsatira gawo 12(6) la lamulolo. Ankatha kugulitsana okhaokha, koma munthu watsopano sakanalowa m'gulu lawo. Gawo 12(7) linkalola wachibale wapafupi kulandira mfuti yotere ngati cholowa, bola ikhale yopangidwa chisanafike chaka cha 1946. Zimenezi zinathandiza mabanja osunga mfuti za makolo awo omwe anamenya nawo nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse.

Kayezedwe kake

Apa ndi pamene revolver imasiyana ndi mfuti zina, ndipo ambiri sadziwa. Pa pisitolo yodzilowetsera yokha zipolopolo, malo omwe chipolopolo chimakhala chisanawombedwe ndi mbali ya mpope weniweniwo. Pa revolver malowo ali mu silinda, yomwe ndi chitsulo chapachokha, ndipo pakati pa silinda ndi mpope pamakhala kampata kopyapyala ngati pepala.

Malamulo a milandu a ku Canada amanena kuti mpope wa revolver uziyezedwa kuyambira kukamwa mpaka kumapeto kwake, kutsogolo kwa silinda. Mfuti zina zonse zimayezedwa kuphatikizapo malo a chipolopolo aja. Tizitsulo tomangirira kukamwa kwa mfuti, monga tochepetsa moto, sitiwerengedwa.

Chipolopolo chathunthu cha .357 Magnum n'chotalika pafupifupi mamilimita 40, ndipo silinda yake imakhala yotalika chomwecho. Ndiye kuti revolver ya mainchesi 4, ikanayezedwa ngati pisitolo, ikanapitirira mamilimita 140. Pisitolo ya mpope wa mamilimita 106 inali yololedwa, pomwe revolver yoiposa kutalika inali yoletsedwa. Ngati cholinga chinali kuletsa mfuti zobisika, pamenepa lamulo linaphonya pang'ono.

Makampani sanachedwe kupeza njira. Ruger anayamba kupanga mfuti zake za GP100 ndi SP101 ndi mpope wa mainchesi 4.2, omwe ndi mamilimita 106.7. Smith & Wesson pobweretsanso Model 66 mu 2014 anaipatsa mpope wa mainchesi 4.25, ndipo Colt Python yatsopano ya mu 2020 inatulukanso ndi muyezo womwewo. Nayo pisitolo ya Glock 19, yomwe mpope wake ndi mamilimita 102, inkagulitsidwa ku Canada ili ndi mpope wa mamilimita 106 wotulukira pang'ono kutsogolo. Munthu atagwira m'manja mfuti ya mainchesi 4 ndi ya mainchesi 4.2 sangazisiyanitse popanda lula.

Kuyambira pa 21 October 2022, boma la Justin Trudeau linaimitsa kugula, kugulitsa ndi kupatsana mfuti za m'manja pakati pa anthu wamba, kupatula ochepa monga ochita mipikisano ya Olympics. Chiletsochi chinalowa m'lamulo mu December 2023. Malire a mamilimita 105 akadalipo, koma tsopano amangonena gulu la mfuti zomwe anthu ali nazo kale.

Australia

Revolver yomweyo ya mainchesi 4 ku Australia imaloledwa. Ophunzira awiri ataphedwa pa yunivesite ya Monash mumzinda wa Melbourne mu October 2002, maboma a zigawo anagwirizana zokhwimitsa malamulo a mfuti za m'manja. Ochita masewera owombera analoledwa revolver ya mpope wosachepera mamilimita 100, koma pisitolo yodzilowetsera zipolopolo inafunika mamilimita 120. Kusiyana kwa manambala awiriwa kumaonetsa kuti iwo anaganizirako za silinda ija. Mpope wa mamilimita 101.6 umadutsa malirewo ndi mamilimita 1.6.

Britain

Ku Britain kuyeza mpope n'kwakale. Lamulo la Pistols Act la mu 1903 linkatcha pisitolo mfuti iliyonse ya mpope wosapitirira mainchesi 9.

Zinthu zinasinthiratu pa 13 March 1996, pamene Thomas Hamilton anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya pulayimale ya Dunblane ku Scotland. Iye anali ndi mfuti za m'manja zinayi zomwe anali nazo movomerezeka, ziwiri mwa izo ma revolver. Malamulo awiri a mu 1997 analetsa mfuti iliyonse ya mpope wochepera masentimita 30, kapena yomwe kutalika kwake konse n'kochepera masentimita 60. Mfuti zothira onga kukamwa, zofanana ndi gogodela, sizinaletsedwe, ndipo chiletsochi sichinafike ku Northern Ireland.

Kuchokera apo kunabadwa mfuti yooneka modabwitsa. Ndi revolver ya mpope wa mainchesi 12, yokhala ndi kandodo kachitsulo kotulukira kumbuyo kwa chogwirira kuti yonse ikwane masentimita 60. Kampani ya Taurus ya ku Brazil ndi imodzi mwa zomwe zinapanga mfuti zotere. Munthu wokhala ndi chiphaso choyenera angathe kukhala nayo.

America

Ku America malamulo a boma lalikulu saika malire a kufupika kwa mpope wa mfuti ya m'manja yopangidwa m'dzikomo, ngakhale zigawo zina zili ndi malamulo awoawo. Malire otchuka ndi a mfuti zazitali: potsatira National Firearms Act ya mu 1934 ndi kusinthidwa kwake, mfuti ya chipolopolo chimodzi ya mpope wochepera mainchesi 16, kapena ya zipolopolo zomwazika ya mpope wochepera mainchesi 18, iyenera kulembetsedwa mwapadera. Munthu akamangirira chotsamira paphewa ku revolver yake ya mpope waufupi, lamulo limaiona ngati mfuti yaitali yodulidwa.

Pa mfuti zochokera kunja mpomwe pali malire. Lamulo la Gun Control Act la mu 1968, chaka chomwe anaphedwa Martin Luther King Jr. ndi Robert Kennedy, linalola kuitanitsa mfuti zoyenera masewera zokha. Pa miyezo yomwe boma linakhazikitsa potsatira lamulolo, revolver yochokera kunja iyenera kukhala ndi mpope wosachepera mainchesi 3. Yopangidwa ku America komweko imagulitsidwa ngakhale ili ndi mpope wosakwana mainchesi 2.