Anyamata a Kwela ndi Malipiro Awo

Anzanga a pa mgodi, nditafika ku Joni mu 1957, Lamulungu ndinkatuluka m'komponi kukamvera anyamata oimba kwela ndi tizitoliro tamalata m'mphepete mwa msewu. Ife tinkawaponyera makobiri m'chipewa. Apolisi akatulukira, onse liwiro!

Mu 1958 nyimbo ya anyamata otere a ku Alexandra, yotchedwa Tom Hark, inafika pa nambala 2 mwa mbale za galamafoni zogulidwa kwambiri ku Britain. Koma Elias Lerole ndi anzake analipidwa kamodzi kokha, ndalama zochepa. Phindu la mbalezo anadyerera ena.

Tsono inu oimba gitala m'komponi, asanajambule nyimbo yanu, yambani mwafunsa kuti ikagulidwa mudzalandira zingati. Musadinde chala papepala limene simunalimvetse.