Mphesa, Malasha ndi Belu: Kulandira Chaka Chatsopano

Mtundu uliwonse wa anthu uli ndi njira yake yolandirira chaka chatsopano, ndipo kawirikawiri njirayo imaulula chimene anthuwo amaopa kusowa.

Ku Spain, wotchi ya pa bwalo la Puerta del Sol mumzinda wa Madrid ikayamba kulira pakati pa usiku wa 31 Disembala, anthu amadya mphesa 12, imodzi pa kulira kulikonse. Mphesa iliyonse imaimira mwezi umodzi, ndipo amati wolephera kumaliza chaka sichimuyendera bwino. Mwambowu unafala m'chaka cha 1909, pamene alimi a ku Alicante anakolola mphesa zochuluka nasowa msika.

Ku Scotland, kumene Januwale ndi nyengo ya chisanu choopsa, maso amakhala pa mlendo woyamba kuponda pakhomo. Amafuna akhale mwamuna wa tsitsi lakuda, atanyamula malasha, mchere ndi buledi, kuti m'nyumbamo moto usazime ndiponso chakudya chisasowe.

Ku Japan, m'akachisi a Chibuda amaimba belu ka 108, kuchotsa zilakolako 108 zimene, monga mwa chiphunzitso chawo, zimasautsa mtima wa munthu. Kumeneko chimene akupempha ndi mtendere wa mumtima.