Kuona njovu uli m'sitima

Mnyamata wina woperekeza alendo kuphiri la Mulanje anandifunsa ku Likhubula kuti: "Achimwene, alendo ena akuti anaona njovu ali paulendo wa sitima ya panyanja. Zimatheka bwanji?" Nanenso kale zinkandizunguza mutu.

Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi iyi: sitima zikuluzikulu za panyanja yamchere sizifika kunkhalango. Zimakocheza padoko, monga Richards Bay ku South Africa, alendo n'kukwera galimoto m'mamawa kupita kunkhalango yosungirako nyama ya Hluhluwe-iMfolozi, kenako n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Zili ngati kutsika basi pa siteji kukagula nthochi: ukachedwa, ikusiya. N'chifukwa chake ulendo wotere umakhala wothamanga, ndipo nthawi zambiri umagwera masana, nyama zitabisala pamthunzi.

Njira yachiwiri ndiyo ndimaikonda, ndipo tili nayo konkuno. Ku Liwonde, mtsinje wa Shire umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama, choncho bwato lenilenilo ndilo limakufikitsa kwa nyamazo. Woyendetsa amachepetsa injini, mvuu n'kumatulutsa mphuno pafupi, ng'ona zitayanika pamchenga. M'chilimwe madambo akauma, njovu zimatsikira kumtsinje kukamwa, ndiye sufunika kuzisaka. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mikango inabwezeretsedwamo mu 2018, koma iyo imaoneka bwino uli pagalimoto.

Mlendo wotsika ku Sapitwa, pansonga ya phiri la Mulanje, akafunsa za njovu, muuzeni adzere ku Zomba, akagone ku Liwonde, akakwere bwato la madzulo.