Ansembe, bwampini ndi msewu wa ku Cassacatiza

M'zaka za m'ma 1980 munthu wa ku Cassacatiza, pa malire a Mozambique ndi Zambia, ankayenda maso ali pansi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itakolera, ndipo m'chigawo cha Tete nthaka imene inali yoopsa. Mabomba okwirira anali m'misewu ndi m'tinjira: ena anatchera ndi Apwitikizi kuzungulira damu la Cahora Bassa, ena asilikali a Rhodesia m'malire a kummwera, ena ankhondo yapachiweniweni. Wanzeru ankaponda pomwe mnzake waponda kale. Ambiri anangobereka ana, mphika pamutu, ulendo wa ku Zambia, komwe masauzande anakasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Ku Malawi othawa nkhondo anafika pafupifupi 1 miliyoni. Minda inabwerera thengo, abale a tsidya lino ndi tsidya ilo ankangomvana pa mphekesera za maliro.

Tsono mverani amene anatembenuza zinthu, chifukwa m'pomwe pali pokoma. Anthu wamba a mpingo wa Katolika a gulu la Sant'Egidio ku Rome, pamodzi ndi Akibishopu Jaime Gonçalves a ku Beira, anakhazika adani awiriwo pansi kuyambira mu 1990. Analibe mfuti, analibe mpando m'boma, koma anali ndi khama losatopa ndi makani a andale. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina mtendere, ndipo mu Okutobala 1994 anthu amene dzulo lake ankagona m'tchire anaima pamzere kukavota pa chisankho choyamba cha zipani zambiri.

Koma bomba silidziwa kuti akuluakulu asaina pepala. Limangodikira phazi. Mabombawo anachokera m'mafakitale a maiko akunja, ndiye mankhwala ake anafunikanso kudutsa malire. Mu 1992 mabungwe 6 omwe si aboma anayambitsa kampeni ya dziko lonse yoletsa mabomba okwirira, nkumakokana ndi fakisi, kenako imelo. Mu Febuluwale 1997 anachitira msonkhano wawo waukulu ku Maputo, ndipo boma la Mozambique linalengeza pomwepo kuti lasiyana nazo zida zimenezi. Disembala wa chaka chomwecho maiko 122 anasaina pangano ku Ottawa, kampeniyo ndi mtsogoleri wake Jody Williams nkulandira mphoto ya Nobel. Msonkhano woyamba wa maiko a m'panganolo, mu Meyi 1999, unachitikira kuti? Ku Maputo komweko! Dziko lomwe linkatchuka ndi ndodo za olumala linasanduka mwini bwalo.

Nawo a Bungwe la Mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, anayamba mu 1995 malonda okoma zedi: bweretsa mfuti, utenge khasu, njinga kapena makina osokera. Mfutizo ankaziduladula, amisiri nkuziwotcherera kukhala zosemasema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterozo uli ku British Museum ku London, azungu akuujambula tsiku ndi tsiku.

Koma ine chimene chimandikomera kwambiri ndi bwampini. Inde, bwampini yemweyu amene timamuthamangitsa m'nkhokwe ndi chibonga. Bungwe la APOPO linamuphunzitsa ku Morogoro ku Tanzania kununkhiza wonga, nkumubweretsa ku Mozambique atavala timalamba. Thupi lake ndi lopepuka, bomba siliphulika. Akalipeza amakanda pansi, malipiro ake nthochi. Wakuba chimanga kulembedwa ntchito yopulumutsa anthu! Pambali pake panali amuna ndi akazi a ku Mozambique omwe ankagwada padzuwa ndi makina ofufuzira, olembedwa ndi HALO Trust, Norwegian People's Aid ndi Handicap International. HALO yokha inachotsa mabomba oposa 171,000. Pa 17 Seputembala 2015 nduna Oldemiro Balói inalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba yatha kuyeretsedwa.

Demokalase ya dzikoli ikadatsimphina, zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2024 tonse tinaziona. Komabe amene amalondera mavoti ndi kufunsa aboma mafunso ovuta lero ndi mipingo ndi mabungwe a mtundu womwewo, ndipo sapempha chilolezo kwa wamfuti kuti akafike kumudzi.

Pitani pa chipata cha Cassacatiza kumapeto kwa Ogasiti mukadzionere. Malole a katundu ali ndondondo kulowera ku Tete ndi ku Beira, osintha ndalama akukupiza mametikali ndi makwacha, ndipo magalimoto odzaza Achewa a ku Chifunde akuwolokera ku Chanida tsidya la Zambia, ulendo wa ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ng'oma zili padenga la galimoto, amayi nthungululu, anyamata akulimbirana malo okhala, ndipo chodandaula chachikulu n'chakuti wachidindo akuchedwa.