Chilombo cha Mitu Isanu ndi Iwiri

Tikuchokera ku mapemphero kuno ku Ching'ambo, mayi wina wachikulire anandifunsa ngati chilombo cha m'Chivumbulutso chidzayendadi m'misewu ya Mzuzu. Ndipo ndivomere kuti inenso, ndili mnyamata, ndinkachiyembekezera ndi mantha.

Komatu makolo akanena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, palibe wopita ku mtsinje wa Lunyangwa kukafuna ng'onayo, pakuti mwambi umanena zoona mophiphiritsa. Momwemonso Buku Lopatulika, lomwe linatuluka m'Chinyanja mu 1922, lili ngati nkhokwe yosunga mbewu zamitundumitundu: mbiri imveke monga mbiri, lamulo monga lamulo, koma masomphenya a Yohane pa chisumbu cha Patmo ndiwo fanizo lolimbitsa mtima Akhristu ozunzidwa ndi Aroma.

"Amayi," ndinatero, "musaope nyanga zake, koma danani ndi nkhanza zimene chilombocho chikuimira."